Chikwama kumsana: masiku 16 kuchoka ku Mulanje kukafika ku Livingstonia

Aliyense amene amakwera basi pa Wenela ku Blantyre kapena pa depoti ya ku Lilongwe anawaonapo anthu amenewa. Ndi anyamata ndi atsikana ochokera kunja, khungu litapsa ndi dzuwa, nsapato zili mbuu ndi fumbi, chikwama chachikulu ngati thumba la makala chili kumsana. Makondakitala amawatcha "azungu osauka" chifukwa amanenerera mtengo ngati ife tomwe, amadya chipisi cha pachiwaya, ndipo amathithikana nafe m'minibasi osadandaula. Komatu pakatha mwezi umodzi, anthu amenewa amakhala atakwera Sapitwa, atasambira ndi mbuna ku Cape Maclear, atagona pa Ilala. Eni dzikofe malo omwewo timangowaona pa kalendala yakubanki.

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Blantyre, ndipo aliyense akudziwa kuti malipiro a mphunzitsi amathera pati. Koma nditawerengera bwino mmene alendowa amayendera, ndinaona kuti palibe chimene amachita chomwe ine sindingathe. Sagona m'mahotela, sabwereka galimoto, ndipo nthawi zambiri amadziphikira okha. Chachikulu chimene amawononga ndi mphamvu za miyendo. Choncho kwa chaka chathunthu ndinkaponya kangachepe ku banki mkhonde, ndipo mwana wanga wachisamba atangolemba mayeso a Fomu 2, tinanyamuka awiriwiri m'mwezi wa Ogasiti. Mayi ake anatsala ndi ang'onoang'ono. Anatilongedzera ufa, mpunga, nyemba zowumitsa, masoya, shuga, masamba a tiyi ndi kapoto kamodzi, n'kunena kuti, "Mukandibwezere mwana wanga ali ndi miyendo yonse iwiri."

Chimene chinandikakamiza kwenikweni n'chakuti mtsikanayu ankadziwa zonse za dziko lake pamtima. Ankadziwa kuti Sapitwa ndi mamita 3,002, kuti Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, kuti Dr Robert Laws ndiye anakhazikitsa Livingstonia. Zonsezi kwa iye zinali mayankho a mayeso basi. Ndinkaopa kuti adzakula ngati ana ambiri amene ndawaphunzitsa, amene maloto awo onse ndi ochoka m'dziko limene sanalionepo n'komwe.

Phiri la Mulanje

Tinayambira pa Likhubula, pomwe pali ofesi yolembetsa okwera phiri, ndipo ndi pomwe mumapeza operekeza ndi onyamula katundu. Tinatenga woperekeza mmodzi, mnyamata wa m'mudzi wapafupi amene anayamba kukwera phirili ali wamng'ono. Zikwama tinasenza tokha. Tsiku loyamba tinakwera kupita ku nyumba ya Chambe, ulendo wa maola angapo umene mawondo anga amaukumbukirabe. M'njira tinkapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, opanda nsapato, akutipatsa moni ngati akuyenda pabwalo. Mwana wanga anasiya kudandaula za chikwama chake atangowaona.

Nyumba za m'phirimu, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi Sombani, n'zamatabwa kapena zamiyala, zopanda magetsi. Pamakhala mlonda amene amakoleza moto ndi kutunga madzi, ndipo inu mumaphika nokha pamoto womwewo n'kugona pansi mozungulira. Usiku wa Ogasiti kumeneko kumazizira mwakuti madzi akumtsinje amaluma mano. Pa Chambe tinapezana ndi banja lachinyamata lochokera ku Germany. Iwo anali ndi supageti, ife tinali ndi ufa, ndiye tinaphatikiza. Mwana wanga anaphunzitsa mayiyo kuvundula nsima ndi mthiko umene mlonda anatibwereka. Nsimayo inatuluka ya mibulu, koma tinaitha yonse.

Tsiku lachiwiri tinadutsa pamwamba pa phiri kupita ku Chisepo, nyumba imene ili m'tsinde mwa Sapitwa. Apa ndi pamene woperekeza wathu anatiimika pa chitsa chachikulu chotuwa, n'kuchikala pang'ono ndi mpeni kuti tinunkhize. Fungo lake aliyense amene anagwirapo kabokosi ka ziboliboli za ku Mulanje akulidziwa. Unali mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma m'phiri lomweli. Matabwa ake safumbwa ndipo chiswe sichiwadya, n'chifukwa chake macheka anaulondola mpaka m'zigwa zobisika. Moto wolusa unamaliza zotsala. Tinayenda tsiku lonse tikuona zitsa. Mitengo yamoyo imene tinaiona inali mbande zofika m'chiuno, zimene bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust likubzala mothandizana ndi anthu a m'midzi yozungulira. Mwana wanga anafunsa kuti mbandezo zidzafika liti pa msinkhu wa chitsa chija. Mnyamatayo anaseka pang'ono n'kuti, "Chemwali, zimenezo adzaona ndi adzukulu a adzukulu anu."

M'mawa wa tsiku loti tikwere Sapitwa kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inali itakuta zonse, moti chimbudzi chimene chinali pamtunda wa mapazi ochepa sichinkaoneka. Mtsikana wanga anali atamanga kale nsapato.

"Aphunzitsi, lero sitipita," anatero woperekeza uja.

"Aaa, achimwene, mwina kuyera masana?"

"Kukayera tikhala tachedwa. Miyala ija ikanyowa imaterera ngati sopo. Tidikire mawa."

Mwana anakwiya, ine ndinawerengera ufa umene unatsala, koma tinamvera. Mawu a woperekeza m'phiri muja si okambirana. Mu Julayi 2009, mnyamata wa ku Brazil dzina lake Gabriel Buchmann, amene ankayenda maiko ambiri ndi chikwama kumsana pa ndalama zochepa, anasiya woperekeza wake n'kupitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa. Nyengo inasintha, anasochera, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata oposa awiri. Anthu a ku Mulanje ali ndi kafotokozedwe kawo ka nkhani zotere. Amati phirili ndi la mizimu, ndipo ukapeza chakudya chokonzakonza m'njira uzingodya osaitana mnzako. Kaya mumakhulupirira zimenezo kaya ayi, dzina lenilenilo likuchenjeza kale: sapitwa.

Tsiku lotsatira tinadzuka nyenyezi zili ngwee. Njira ya ku Sapitwa siyendedwa ndi miyendo yokha. Pena mumakwawa pamwala wotsetsereka ndi manja, pena mumalowa m'mapanga ang'onoang'ono pansi pa miyala ikuluikulu, chikwama n'kumachikankha patsogolo. Malo ena mwana wanga ndiye ankanditambasulira dzanja, akuti, "Adadi, pondani apa, musayang'ane kumbuyo." Titafika pa chipilala cha pamwamba, mitambo inali pansi pathu. Kumpoto kunkaoneka Nyanja ya Chilwa ikunyezimira, kwinaku mapiri a ku Mozambique. Mtsikana amene amalankhula kuyambira m'mawa mpaka usiku anangokhala pamwala duu kwa nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndiye 3,002 yake ndi imeneyi eti?"

Ku Cape Maclear

Titatsika phiri tinagona pa Mulanje boma, ndipo m'mawa mwake tinayamba ulendo wa maminibasi wolowera kunyanja, kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi mpaka ku Monkey Bay. Ndi tsiku lathunthu la kutsika ndi kukwera, miyendo ili yowuma ngati nkhuni. Chigawo chomaliza, chodutsa m'mapiri kukafika m'mudzi wa Chembe, tinakwera kabaza wa njinga yamoto.

Malo ambiri ogona alendo ku Chembe amalola munthu kukhoma tenti yake pamchenga pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi chipinda, ndipo bafa ndi chimbudzi mumagwiritsa ntchito zomwezo. Tenti yathu inali yobwereka kwa mnzanga wa kutchalitchi. Nsomba tinkagula m'mawa kwa asodzi akamakocheza, n'kuwotcha tokha pambaula.

Kuti tipite ku chilumba cha Thumbi tinasonkherana boti ndi alendo ena anayi. Apa ndi pamene pali nzeru ya oyenda ndi chikwama: boti ndi limodzi, mtengo ndi umodzi, ndiye mukachuluka aliyense amalipira pang'ono. Deralo lili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndipo Mmalawi amalipira ndalama yolowera yocheperapo kusiyana ndi mlendo wakunja. Muzinyamula chiphaso chaunzika.

Mwana wanga sadziwa kusambira. Mwini boti anamuveka jekete yoyandamitsa ndi magalasi oonera pansi pa madzi, n'kumuuza kuti agwire chingwe ndi kungoviika nkhope. Anaviika, n'kudzuka akukuwa, madzi ali m'kamwa. "Adadi! Zabuluu! Zachikasu! Zili mbwee!" Zinali mbuna, tinsomba ta m'miyala timene anthu a ku Ulaya amagula kuti azisunga m'magalasi m'nyumba zawo. Mwini boti anatisonyeza imodzi imene inali ndi masaya otupa, n'kutiuza kuti ndi yaikazi, yasunga mazira m'kamwa, ndipo ana akaswa amathawiranso m'kamwa momwemo akaona adani. Pobwerera anaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi. Nkhwazi inachoka pamtengo, inatsika ngati mwala, n'kuitola ndi zikhadabo pafupi kwambiri ndi ife moti tinamva mphepo ya mapiko ake.

Madzulo ena tinayenda wapansi kukaona manda a amishoni a ku Scotland amene anafika pamalopa mu 1875. Malungo anawatha, ndipo otsalawo anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894. Ndinauza mwana wanga kuti ulendo wathu ukathera komwe iwo anakathera. Mandawo anandithandizanso kumukumbutsa chifukwa chimene ndinkalimbikira za neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu usiku uliwonse.

Pa Ilala

Masiku amene tinayenda ife, Ilala inkanyamuka pa Monkey Bay Lachisanu m'mawa. Sitimayi inapangidwa ku Scotland, inabwera m'zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ndi yakale kuposa ufulu wa dziko lino. Tinagula matikiti otsika mtengo, a pansi, pomwe pamakhala matumba a ufa ndi usipa, malata, njinga, nkhuku ndi anthu obwerera kwawo ku zilumba. Malo okhala ndi chikwama chako chomwe.

Anthu ena amati kukwera sitima si masewera a panja. Akwere kaye Ilala nthawi ya mwera. Mphepo imeneyi imawomba kuchokera kummwera m'miyezi yozizira, ndipo masana a tsiku loyamba mafunde ankamenya sitima mpaka madzi kuwazikira m'kati. Mwana wanga anasanza kawiri. Gogo wina wa ku Likoma amene tinakhala naye pafupi anam'goneka pamiyendo pake, anam'funditsa chitenje, n'kumupatsa kachidutswa ka chinangwa chowuma kuti azitafuna. Sanafunse kuti ndife ndani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Usiku mphepo inaleka. Tinatuluka kukaima m'mbali mwa sitima, ndipo kutsogolo kwathu kunali mzere wautali wa nyali ngati tauni yoyandama. Anali asodzi a usipa, amene amakopa nsomba ndi kuwala kuti zilowe mu chilimira. M'madooko ena, momwe sitima singafike kugombe, anthu ndi katundu amatsitsidwa ndi maboti ang'onoang'ono, ndipo phokoso lake, kuitanizana ndi kuponyerana mitolo mumdima, ndi chionetsero pachokha. Pa Likoma sitima inaima nthawi yokwanira kuti titsike n'kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, chimene anayamba kumanga mu 1903. Kuchoka pagombe pamenepo mapiri a ku Mozambique amaoneka pafupi ngati ungawagwire.

Tinatsikira pa Nkhata Bay kunja kusanache. Kumeneko tinadya kondowole ndi batala pa kamalo kena kodyera pafupi ndi msika. Mayi wogulitsa anaseka mmene mwana wanga ankalimbanirana ndi nsima yonata ija, n'kumuphunzitsa kuti kondowole satafuna, amangomeza.

Kukwera ku Livingstonia

Kuchoka ku Nkhata Bay tinadzera ku Mzuzu, n'kutsika chitunda cha Chiweta kukafika pa Chitimba. Pamenepo pamayambira msewu wakale wa Gorodi, wa makilomita pafupifupi 15 ndi makona okhota kwambiri okwana 20. Pamakhala magalimoto a matola odikira kuti adzaze, koma ife tinasankha miyendo. Tinanyamuka m'bandakucha dzuwa lisanakwiye, madzi ali m'mabotolo, nthochi zili m'thumba. Pa kona iliyonse tikatembenuka, nyanja inkakhala itakula kuposa pa kona yapita. Ana asukulu ankatipitirira akuthamanga m'tinjira tachidule, akutipatsa moni m'Chitumbuka, ndipo pofika pamwamba mwana wanga anali ataphunzira kuyankha.

Musanafike ku mishoni mumayamba mwafika pa mathithi a Manchewe, pomwe madzi amagwa mamita oposa 100 kulowa m'chigwa cha nkhalango. Anyamata a pamalopo anatitsogolera m'kanjira koterera mpaka kuphanga limene lili kuseri kwa madziwo. Amati makolo awo ankabisala mmenemo nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Tinakhala m'phangamo madzi akugwa patsogolo pathu ngati nsalu, osamvana chifukwa cha mkokomo.

Ku Livingstonia tinaona Stone House, nyumba imene ankakhala Dr Laws, yomwe pano muli zinthu zakale. Anatifotokozeranso za mu 1959, nthawi ya chipwirikiti cha ndale, pamene ndege ya boma la atsamunda inaponya uthenga wofunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kusamutsidwa. Iwo pamodzi ndi anzawo akuda anayankha poyala pabwalo zilembo zazikulu zoti ndege iwerenge, zoloza ku Aefeso 2:14, kusonyeza kuti sachoka. Nkhani imeneyi mwana wanga anailemba m'kope lake, pansi pa mawu a Chitonga ndi Chitumbuka amene anatola m'njira.

Pochepetsa ndi posachepetsa

Amene akufuna kuyesa ulendo wotere adziwe kuti ndalama zimapulumuka pa zinthu zitatu: pogona, chakudya ndi mayendedwe. Tenti yobwereka, kapoto ndi ufa wakunyumba, minibasi ndi matikiti a pansi pa sitima, zimenezi zinatsitsa mtengo wa ulendo wathu kufika poti mphunzitsi n'kuukwanitsa. Mitengo imasintha kawirikawiri masiku ano, choncho imbani foni ndi kufunsa musananyamuke, makamaka za tsiku limene sitima ikuyenda. Safunsa anadya phula.

Koma pali zina zosachepetsa. Woperekeza m'phiri, jekete yoyandamitsa panyanja, neti, juzi yotentha ndi nsapato zogwira pamwala, izi ndi moyo wanu. Mukasambira m'nyanja, makamaka pafupi ndi midzi ndi m'mabango, pitani kuchipatala pakatha masabata angapo mukafunse za likodzo, chifukwa mankhwala ake alipo ndipo savuta. Thupi likatentha muli paulendo kapena mutangobwerera, kayezetseni malungo tsiku lomwelo.

Chinanso ndi ichi. Kuyenda motchipa kusasanduke kufinya anthu amene akukuthandizani. Mnyamata amene anatiletsa kukwera Sapitwa tsiku la chiperoni amadyetsa banja lake ndi miyendo yomweyo, m'dera limene namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba mu Malichi 2023. Nenererani mtengo wa chipewa cha mlaza ngati mukufuna, koma woperekeza, wonyamula katundu ndi mlonda wa nyumba ya m'phiri apatseni zimene munagwirizana, ndi kangachepe pamwamba ngati kalipo. Munthu akamapeza chakudya poperekeza alendo, sakhala ndi chifukwa chokwerera phiri ndi macheka.

Si aliyense angapeze masiku 16, ndipo palibe chifukwa choyambira patali. A ku Blantyre ali ndi Michiru, a ku Lilongwe ali ndi Bunda ndi Nkhoma, a ku Dedza ali ndi phiri lawo komanso zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni. Loweruka limodzi, botolo la madzi ndi mbatata yowotcha n'zokwanira kuti mwana aone mudzi wake kuchokera pamwamba koyamba.

Kwathu nkhaniyi yafika pena. Mayi a ana, atamva za mbuna ndi za gogo wa ku Likoma kambirimbiri, anena kuti ulendo wotsatira satsalanso. Tagwirizana zoyamba ndi phiri la Zomba kuti ang'onoang'ono akwanitse: kukwera wapansi kuchoka m'tauni, kugona usiku umodzi pafupi ndi damu la Mulunguzi, m'mawa n'kupita ku mathithi a Williams. Amene akulemba bajeti ndi wachisamba uja, m'kope lomwe lija, ndipo wandiuza kale kuti ndalama ya fanta aichotsamo chifukwa pamwamba pali madzi abwino.